Mafelemu 50 amene sanapite ku Ntchisi

Kuno ku Birmingham Januwale wabwera ndi khalidwe lake lija: 4 koloko ikangopitirira kunja kwada, kamvula kowaza kosatha, ndipo tebulo la kukhitchini kwathu lasanduka shedi ya kalipentala. Ana akudyera nsima pabalaza. Amayi a kunyumba andipatsa mpaka Lamlungu kuti ndichotsepo "nkhuni zanuzo", apo ayi ndikazitola m'bini. Nkhuni zake ndi mafelemu a mumng'oma wa njuchi.

Amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ntchito yanga ndi ya makompyuta, kuthamangira anthu amene pulinta yawakanira. Njuchi ndinazilowa zaka zitatu zapitazo, nditaphunzira ndi bungwe la alimi a njuchi la ku Birmingham, limene lili ndi ming'oma yophunzitsira ku Highbury Park, kufupi ndi Kings Heath. Pano ndili ndi ming'oma iwiri pakona ya kadimba kathu ka lendi, aja amati allotment. Nyengo yozizira chonchi mng'oma sutsegulidwa. Njuchi zimakhala zitaunjikana ngati mpira kufunditsa mfumukazi yazo, ndipo mwiniwake amangotsala ndi ntchito ya hamala ndi timisomali.

Kwa ife amene tinakula tikuona mng'oma wa khungwa la mombo uli pamphanda ya mtengo, felemu ndi chinthu chachilendo. Ndi timatabwa tokhomedwa mbali zinayi ngati felemu la chithunzi. Kathabwa ka pamwamba kamatalikirapo mbali zonse ziwiri, ndiye makutu ake amenewo, ndipo ndi amene amakolowekeka m'mphepete mwa bokosi kuti felemu lilendewere. Pakati pake njuchi zimamangapo chisa. Ukafuna kuona ngati mfumukazi ikuikira mazira, umangosolola felemu limodzi ngati ukutulutsa fayilo m'kabati, n'kuona, n'kulibwezera. Palibe kuthyola chisa, palibe kuotcha njuchi ndi muuni wa udzu.

Zonsezi zinayamba ndi muyeso umodzi. M'chaka cha 1851 m'busa wina wa ku Philadelphia, Lorenzo Langstroth, anaona kuti pali mpata wina umene njuchi zimausiya osaukhudza, wapakati pa mamilimita 6 ndi 9. Mpata ukachepera pamenepo zimaumata ndi utomoni wazo. Ukakulirapo zimamangamo chisa. Ukakhala ndendende zimauyesa njira yodutsamo. Chaka chotsatira, 1852, analembetsa mng'oma wake kuboma. Ndiye felemu lililonse limayenera kusiya mpata umenewu kumbali, pansi ndi pamwamba. Ukaphonya ndi mamilimita ochepa chabe, njuchi zimakonza zokha cholakwikacho, koma kukonza kwake n'kumatirira chilichonse pamodzi.

Tsopano mayina. Tsiku loyamba kutsegula tsamba la ogulitsa katundu wa njuchi ndinaona ngati ndili kuntchito: DN1, DN2, DN4, DN5, SN1, SN4, 14x12, Manley. Ngati manambala a zipangizo za laputopu ndithu. Koma ukazimvetsa n'zosavuta. N akuimira National, mtundu wa mng'oma umene anthu ambiri kuno ali nawo. D akuimira Deep, felemu lakuya la m'bokosi la pansi mmene mfumukazi imaikira mazira ndi kuleredwa ana. Kukula kwake ndi mainchesi 14 m'litali, 8 ndi theka kupita pansi. S akuimira Shallow, losazama, mainchesi 5 ndi theka, la m'mabokosi a pamwamba osungiramo uchi amene amati super. Analichepetsa dala, chifukwa bokosi lodzadza uchi si lamasewera kulinyamula; ngakhale laling'onolo limapitirira makilogalamu 10.

Nambala ya kumapeto ndiyo imapusitsa alendo. 1 ndi 2 ali ndi timatabwa ta m'mbali towongoka, ndiye paokha sadziwa kutalikirana. Umafunika kuveka timapulasitiki kumakutu, kapena kukhoma m'bokosi kachitsulo ka mano kamene kamagwira felemu lililonse pamalo pake. 4 ndi 5 ndi a mtundu wa Hoffman, dzina la Julius Hoffman, mlimi wa njuchi wa ku America: matabwa a m'mbali ndi otambalala kumwamba ngati mapewa, ndiye ukangowakankhira pamodzi amadzitalikitsa okha mamilimita 35 kuchoka pakati pa chisa china kufika pakati pa chinzake. Kusiyana kwa 1 ndi 2, kapena 4 ndi 5, ndi kathabwa ka pamwamba: kena n'kopyapyala, mamilimita 22, kena n'kotambalalako, 27. Manley ndi dzina la R.O.B. Manley, Mngerezi amene ankaweta njuchi ngati bizinesi; felemu lake ndi la uchi, m'mbali mwake n'motambalala kuyambira pamwamba mpaka pansi kuti lisamagwedezeke pagalimoto. Nanga 14x12? Limenelo dzina lake ndi muyeso wake womwewo, la anthu amene mfumukazi yawo ikuona kuti mafelemu 11 a DN akuchepa.

Muyeso wa 14 ndi 8 ndi theka uja si wadzulo. Bungwe la British Beekeepers' Association, limene linayamba mu 1874 ndipo likulu lake lili ku Stoneleigh Park kufupi ndi Coventry, mtunda wosakwana ola pagalimoto kuchoka kwathu kuno, linaugwirizana mu 1882. Chifukwa chake ife a makompyuta timachidziwa bwino. Aliyense akamapanga zake, cha mnzako sichilowa mwako. RAM ya DDR4 siilowa pamalo pa DDR5 ngakhale uikakamize bwanji, kamphako kake kali pena. Kusiyana kwake n'koti kompyuta imakukanira nthawi yomweyo, pamene mng'oma umalandira felemu lolakwika mwakachetechete, n'kudzakuuza patapita milungu iwiri. Ndinaseka ndekha tsiku limene ndinazindikira kuti kathabwa ka pamwamba pa felemu la Langstroth ndi mainchesi 19, chimodzimodzi kabati ya maseva imene ndimakhalira kugwada patsogolo pake kuntchito. Ka National ndi 17.

Milungu iwiri imeneyo ine ndinaidziwa ndi akakolo anga. Chaka choyamba, mwezi wa Meyi, njuchi zitachuluka ndinafuna mafelemu mwachangu. Ndinaona pa intaneti munthu wina cha ku Walsall akugulitsa katundu amene anamupeza m'galaja ya malemu agogo ake, thumba lathunthu mtengo wa mbale ziwiri za chipisi. Iyeyo za njuchi sankazidziwa ndipo ananena poyera. Wolakwa ndinali ine, amene sindinafunse dzina la felemu ngakhale limodzi. Paja akuluakulu anati safunsa anadya phula. M'thumbamo munali DN1 opanda timapulasitiki take, ma SN angapo, ndi ena a mng'oma wa Smith wa ku Scotland, amene thupi lake n'lofanana ndi National koma makutu ndi aafupi, moti m'bokosi langa ankangotsamira ndi kansonga. Ndinawasakaniza ndi ma DN4 anga, mipata n'kuyeza ndi maso.

Nditabwerera kudzaona, ndinakoka felemu limodzi, anatuluka atatu atagwirana. Zisa zinang'ambika, uchi chuchuchu mpaka pansi, mphutsi zoyera zili mbwee pa udzu, felemu la Smith lija n'kuterereka kugwera m'kati. Njuchi za kuno anthu amati n'zofatsa. Zinandipeza pamene sokosi yathera.

Anadzandithandiza ndi mdala wina wa ku bungwe, amene wasunga njuchi kuyambira ine ndisanabadwe. Za mipata anangopukusa mutu. Chimene chinamusintha nkhope ndi zisa zakuda zakalekale zimene zinali m'mafelemu ena aja. Anandifunsa kuti njuchi za mwini wake zinafa ndi chiyani. Ine kukamwa yasa. Ndiye anandifotokozera za matenda owoletsa ana a njuchi, American foulbrood ndi European foulbrood. Kuno onse awiri lamulo limati ukangowakayikira udziwitse woyendera njuchi wa National Bee Unit. A American aja akapezeka, njuchi zimaphedwa, mafelemu ndi zisa zonse n'kutenthedwa m'dzenje, chifukwa tizilombo take timatha kugona m'chisa chakale zaka makumi angapo tili moyo. Ndipo si zako zokha ayi. Njuchi zimaberana uchi, ndiye mnzako wa dimba la kuseri nayenso walowa m'mavuto chifukwa cha thumba lako lotchipa. Tinachotsa zakale zonse tsiku lomwelo n'kuzitentha. Chilimwe chonsecho ndinkatsegula mng'oma mtima uli m'mwamba. Mwayi wake sikunapezeke kanthu.

Mdala yemweyo anatola SN imodzi n'kunena kuti iyi yokha usataye. Felemu lalifupi ukaliika dala m'bokosi lakuya, pansi pake pamatsala mpata wa mainchesi atatu, ndipo njuchi zimakonda kumangapo chisa cha njuchi zazimuna. Nsabwe ya njuchi yotchedwa varroa, imene inapezeka ku England koyamba mu 1992, imakonda kuswerana m'zipinda za zazimunazo. Zikangomatidwa umadula chisacho n'kutaya, nsabwe zapita nazo. Limodzi ndi msampha, anatero, koma asanu ndi chisokonezo.

Za zipangizo. Mabokosi abwino kuno amapangidwa ndi western red cedar, mtengo wopepuka wosaola msanga, fungo lake limandikumbutsa mkungudza wa ku Mulanje. Koma mafelemu ndi paini wamba, ngati wa ku Chikangawa. Amabwera osakhoma, m'mitolo ya 10 kapena 50. Makampani odziwika monga Thorne wa ku Lincolnshire ndi Maisemore wa ku Gloucestershire amagulitsanso a giredi yachiwiri, amene amati seconds, okhala ndi mfundo apa ndi apo, motsika mtengo nyengo yozizira, ndipo ambiri amakagulanso pa msonkhano waukulu wa mu Epulo ku Harper Adams University ku Shropshire. Ine ndimagula a giredi yachiwiriwo, njuchi siziwerenga mfundo. Chongoti, mfundo ikakhala pakhutu penipeni, kathabwa kameneko ponyani kumbali. Kadzathyoka tsiku limene felemu ladzadza uchi, lili m'manja mwanu.

Felemu limodzi limadya timisomali 11, tating'ono takuda tija amati gimp pins. Tinayi timalumikiza pamwamba ndi m'mbali, tinayi timagwira timitengo tiwiri ta pansi, titatu timabwezera kamtengo kamene umayamba wakatsomphola pansi pa kathabwa ka pamwamba. Kamtengo kameneka ndi kamene kamapana pepala la phula. Timisomali ta pansi khomani molunjika m'mwamba, osati chopingasa, kuti podzasintha phula mudzazule mosavuta. Izi ndinaphunzira nditakhoma kale 20 chopingasa.

Pepala la phulalo, foundation, ndi phula lenileni la njuchi lopsinjidwa n'kudindidwa timabokosi ta ngodya zisanu n'imodzi, kuti njuchi zingopitiriza pamene makina analekezera. Analiyambitsa ndi Mjeremani Johannes Mehring mu 1857. M'kati mwake mumadutsa waya wopyapyala, ndipo chifukwa cha wayayu ndi makina ena, opukusa uchi, amene Franz Hruschka anatulukira mu 1865. Umachotsa zivindikiro za phula ndi mpeni, n'kuika mafelemu m'mgolo wozungulira, uchi n'kumawazikira m'mbali, chisa n'kutsala chathunthu kuti uchibwezere kwa eni ake. Popanda waya chikhoza kuphulika m'mgolomo. Ofuna kugulitsa uchi wa m'chisa momwemo, umene ife timaudziwa bwino, amagula pepala lopyapyala lopanda waya. Pa phula pokha ndiye musatchipe nazo. Mu 2016 alimi a ku Belgium anaona ana a njuchi akufa pa mapepala amene phula lake linasakanizidwa ndi stearin, mafuta aja opangira makandulo. Ndi maso sungasiyanitse.

Apulasitiki aliponso, felemu ndi pepala lake zoumbidwa pamodzi, ndipo ku America alimi akuluakulu amawagwiritsa ntchito kwambiri. Sathyoka m'makina, safuna hamala. Koma umayenera kuwapaka phula kaye, apo ayi njuchi zimachita nawo manyazi, ndipo matenda akagwa, kutentha pulasitiki m'dzenje si nkhani yabwino. Ine ndili kumbali ya thabwa. Likada umadula chisa chakale, n'kuliwiritsa m'madzi a washing soda, kilogalamu imodzi pa malita 5, lauma, waikamo phula latsopano. Likatopa walisonkhezera moto osadandaula. Zisa za m'bokosi la ana siziyenera kupitirira zaka zitatu, ndiye chaka chilichonse pamakhala mafelemu ofuna kusintha.

Komatu 50 amene ali patebulowa sindinagulire ming'oma yanga. Ndinagulira bambo anga ku Ntchisi.

Iwo njuchi anayamba kale, ming'oma ya makungwa m'mphepete mwa nkhalango, ndipo zaka zapitazi anawonjezera mabokosi angapo a matabwa. Mu Ogasiti ndinawatumizira kavidiyo pa WhatsApp ndikupukusa uchi. Anaimba usiku womwewo. Nditawauza kuti chinsinsi chake ndi mafelemu, anati, "Mafelemu a chiyaninso, nyumba ija zitseko zake tinaika kale?" Nditalongosola anati, "Oho, timatabwa timeneto. Unditumizire m'diramu." Mwana akauzidwa choncho ndi bambo ake sayankha zambiri. Ndinaitanitsa mtolo wa DN4, mtima uli mbee kuti nanenso ndatukula kumudzi.

Diramu lisanatsekedwe, phunziro la ku Walsall linandibwerera. Ndinapempha msuweni wanga kuti apite ndi tepi akayeze bokosi la bambo, ajambulenso m'kati. Zithunzi zitabwera ndinangokhala pansi. Ndi mng'oma wautali ngati bwato, m'mbali mopendekera, wotambalala kumwamba wopanikiza pansi, mtundu wa Kenya top-bar umene unakonzedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 mothandizana ndi akatswiri a University of Guelph ya ku Canada. Mulibe felemu m'menemo ndipo silingalowe. Muli timatabwa tokhatokha toyalidwa pamwamba mogundana, njuchi n'kumalendeweretsa chisa pansi pa kalikonse. Tinganene kuti ndi felemu limene linatsala kathabwa ka pamwamba kokha.

Ngakhale akanakhala ndi bokosi la mafelemu, kwathu amene amapezeka ndi a Langstroth, amene ali ponseponse padziko. National ndi wa kuno ku Britain ndi Ireland basi, ngati pulagi ya kuno imene ukapita nayo ku France umasowa poilowetsa. Ndipo palinso njuchi zenizenizo. Zakwathu n'zocheperako thupi kuposa za ku Ulaya. Zisa zazo zimatalikirana mamilimita 32, osati 35, ndipo timabokosi todindidwa pa phula la kuno, pafupifupi mamilimita 5.4, n'tatikulu kwa njuchi imene yokha imamanga tosafika 5. Mamilimita atatu amaoneka ngati si kanthu, koma pa timatabwa 10 asanduka 30, pafupifupi chisa chathunthu. Zikatero njuchi zimayamba kumanga modutsa, chisa chimodzi kugwira timatabwa tiwiri, ndiye wabwerera pomwe paja pokoka limodzi n'kutuluka atatu. Koma ulendo uno ndi njuchi za ku Ntchisi, zimene sizithera pa akakolo.

Onjezanipo kuti felemu limayenda ndi abale ake. Limafuna pepala la phula chaka ndi chaka, limafuna makina opukusira, limafuna kalipentala amene bokosi lake saphonya ndi mamilimita awiri ngakhale thabwa lili losauma. Ukatumiza mafelemu okha watumiza kiyibodi kwa munthu amene alibe kompyuta. Pamene mng'oma wa timatabwa uli ndi muyeso umodzi wokha wofunika kuusamala, m'lifupi mwa kathabwa. Pofula amadula chisa chonse, kufinya, ndipo phula limatsala lambiri, limenenso ndi ndalama ngati munthu salitaya kudzala. Anzathu a ku Mwinilunga ndi Kabompo ku Zambia uchi ndi phula lawo zimafika mpaka ku Ulaya kuno, zambiri zochokera m'ming'oma ya makungwa. Ndikunena izi chifukwa ndikudziwa kuti tilipo ambiri amene timadzadza madiramu ndi zinthu zimene zatisangalatsa kuno, osayamba tafunsa kuti kumene zikupitako zikalowa pati. Ndipo zakale zogwiritsidwa kale ntchito, za njuchi, chonde musatumize n'komwe. Mungatumize matenda kumudzi kwanu ndi ndalama zanu zomwe.

Kuwauza bambo ndiye kunali kovuta. Ndinazungulira, kuyamba ndi za mvula, za fetereza, kenako ndinati, "Bambo, timatabwa tija ndayeza, sitikugwirizana ndi mabokosi anu. Njuchi za kuno n'zonenepa." Anakhala chete pang'ono, kenako anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye kuti nazonso zimadya bwino ngati iweyo?" Atatha kuseka anandiuza chimene chimawavutadi. Kalipentala wa pamsika amadula timatabwa mongoyerekeza, kena kakakulu kena kakang'ono, ndipo m'mabokosi awiri zisa zinadutsana moti amangofula ngati mng'oma wa khungwa. Vuto lomwe lija la ine ndi thumba la ku Walsall. Zaka zonsezi sindinawafunsepo.

Tinakambirananso za dzina. Bambo amati timatabwa. Msuweni wanga amati mabala, kuchokera ku Chingerezi, zimene kwa ine zimamveka ngati zilonda. Ine ndikati felemu anthu amaganiza chitseko. Inu a ku Mchinji, ku Chipata, ku Angonia, amene makolo anu amasunga njuchi, kwanu amati chiyani? Tandilemberani m'munsimu, mwezi wamawa ndidzatchula zimene mwanena.

M'diramu munalowa chipewa cha neti, magolovesi achikopa, chofukizira utsi chatsopano, tepi yachitsulo, ndi kachidutswa ka aluminiyamu kamene mnzanga wina wogwira ntchito pa makina ku Smethwick anandidulira mpata wa mamilimita 32 ndendende. Kathabwa kakalowa mothina bwino mumpatamo, kalipentala alipidwe. Kakakana kapena kakagwedera, abwereze. Ndalama ya matabwa ndinatumiza pafoni. Diramu likuyembekezeka kufika ku Lilongwe mu Malichi.

Ma DN4 aja anatsala kuno, ndipo ndi amene alanda tebulo. Mwana wanga wamkazi wa zaka 8 ndiye woyang'anira mapewa a Hoffman: mbali ina ndi yosongoka, ina yafulati, ndipo yosongoka iyenera kukumana ndi yafulati ya felemu linzake kuti njuchi zisapeze pomata pambiri. Wandigwira kale kawiri nditatembenuza. Takhoma 31, atsala 19, ndipo lero ndi Lachinayi.